Mtengo wa Hendiriki ndi Amayi Anga Atatu

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Bradford ndi inu amene muwerenge izi muli ku Bolton, ku Wakefield kapena kumudzi. Dzina langa ndine Takondwa. Ambiri mumandidziwa ngati mtsikana uja amakhala kumbuyo m'tchalitchi ndi ana awiri aang'ono. Amayi busa anandipempha kuti ndiime kutsogolo ndipereke umboni, koma ine ndikaima pagulu mawu amandithawa, choncho anandilola kulemba. Zambiri ndazitenga m'dayale yanga, kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku masiku amenewo. M'nyengo yozizira yapitayi ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pakhomo pa amayi anga, ndipo chinayambitsa zonsezi ndi ntchito ya kusukulu yonena za Mdatchi wina, mzungu wa ku Holande, amene anamwalira kalekale.

Ndiyambe ndafotokoza za amayi. Amene mumawaona nane aja, anamwino, si amene anandibereka. Ondibereka anamwalira ku Dedza ndisanayambe sukulu. Chimene ndimakumbukira bwino ndi tsiku lometa, maliro atatha. Atsibweni anandinyamula pakati pa anthu n'kundikhazika pamiyendo pa mayi wina wotupa maso ndi kulira, ndipo anati, "Kuyambira lero amako ndi awa." Palibe anadabwa, chifukwa anali amayi anga ndi kale. Agogo obereka amayi anga oyamba ndi agogo obereka amayi angawa anali a mimba imodzi, mkulu ndi mng'ono wake. Kwathu ana a anthu otero amakhalanso mkulu ndi mng'ono basi, wina wa bele lalikulu, wina wa bele laling'ono. Amayi atapeza ntchito kuno anadzanditenga. Mphatso ndi Yankho anabadwira konkuno, ndipo ndi azing'ono anga. Pakhomo tilipo anayi okha, bambo wa anawa anapita zake.

Tsiku lina aphunzitsi athu a mbiri yakale anabweretsa mlendo m'kalasi, mayi wokalamba dzina lake a Marita. Anali wamtali, wa tsitsi loyera lodula ngati la mwamuna, ndipo ankayendera ndodo yachitsulo imene ankagogodera pansi wina akamalongolola. Chizungu chawo chinali cha ku Joni. Anatambasula chipepala chachikulu pamene panali mtundu wawo wonse, wojambulidwa ngati mtengo mmene azungu amachitira, ndipo patsinde pake panali dzina la mwamuna, Hendiriki.

Anatiuza kuti Hendiriki anachoka ku Holande ali mnyamata wosauka, zaka mazana angapo zapitazo. Anakwera chombo cha kampani ya amalonda a kwawo mpaka kunsonga kwenikweni kwa Afirika, kumene ankalima ndiwo zogulitsa kwa oyenda panyanja. Kenako kampaniyo inamulola kulima payekha. Anadzala tirigu ndi mphesa pamalo pamene eni dziko ankadyetsa ng'ombe zawo, ndipo anagula akapolo oti azimulimira. A Marita sanabise zimenezi, anazinena mouma ngati akuwerenga mankhwala. Hendiriki anakwatira mtsikana amene anabweranso pachombo, anabereka ana ambiri, ena anafa ndi nthomba. Mkaziyo anamwalira atangobereka mwana womaliza, wamkazi. A Marita analoza khandalo ndi ndodo n'kunena kuti iwo anachokera mwa ameneyo.

Anzanga ankafunsa za chombo, za mikango ndi za mfuti. Ine mtima wanga unatsalira pa khanda lija. Pamtengo wonsewo panalibe dzina la munthu amene analiyamwitsa. Ndinkafuna kufunsa, koma a Marita atandiyang'ana ndinagwetsa maso. Kunyumba nditawauza amayi za mlendoyo, nkhope yawo inasintha. Bambo awo anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ndipo anabwerako ndi chifuwa komanso zipsera kumsana. "Anthu amenewo uziwapatsa moni n'kudutsa," anatero.

Ntchito imene tinapatsidwa inali yokopera mtengo wa Hendiriki mbali imodzi ya pepala, ndi kujambula mtengo wa banja lathu mbali inayo. Sabata imeneyo amayi anali pa mashifiti ataliatali, choncho sindinawafunse kanthu. Wa Hendiriki ndinaukopera mosamala, koma pafupi ndi khanda lija ndinawonjezera kabokosi kopanda dzina. Wathu ndinaujambula mmene ndimaudziwira. Patsinde ndinaika mayi, agogo a amayi. Pamwamba pake agogo awiri aja. Kenako pamzere umodzi ndinaika amayi anga atatu: amayi aakulu amene ali ku Dedza, amayi ondibereka, ndi amayi amene ndikukhala nawo. Pa dzina la ondibereka ndinajambula kamtanda kakang'ono. Ndinaupaka mitundu yokongola, ndipo ndinali wonyada popereka.

Patapita masiku, aphunzitsi anandiuza kuti nditsalire ena akamatuluka. Anandiperekeza ku kachipinda kena kumene kunali mayi wina wa pasukulupo, ndi bokosi la timapepala topukutira misozi litaikidwa kale patebulo. Pepala langa linali pomwepo. Mayiyo anandifunsa mofatsa ngati mayi amene amabwera kumisonkhano ya makolo ndi amayi anga enieni. Ndinati inde. Anafunsa ngati anandibereka. Ndinati ayi. Anafunsa amene amaphika amayi akakhala kuntchito, ndinati ine. Amene amakatenga ana kusukulu, amene amawasambitsa, amene amachapa, zonse ndinati ine, chifukwa ndine woyamba kubadwa ndipo sindinkaona chobisa. Anafunsa kumene ndimagona, ndinati ndekha m'kachipinda ka kudenga. Ine kachipindako ndimakakonda, ndi kumene ndimalembera, koma ndinaona awiriwo akuyang'anana. Yankho lililonse linali loona, ndipo lililonse linkaipitsa zinthu. Nthawi yonseyi ndinkayang'ana pansi, monga ndinaphunzitsidwira poyankhula ndi akuluakulu.

Madzulo ake amayi analandira foni yochokera kusukulu ali kukhitchini. Ndinawamva akungoti inde, inde, zikomo. Atamaliza anazimitsa chitofu chakudya chisanapse n'kukhala pampando. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti kubwera mayi wa kukhansolo woona za ana, ndipo anandifunsa chimene ndinajambula. Nditawafotokozera anatseka maso.

Vuto linali ili. Pepala la kukhoti la ku Lilongwe, lowapatsa mphamvu zondilera, limati ndine mwana wa mkulu wawo. Amayi ananena choncho kulikonse, kusukulu, kuchipatala, kwa oona za olowa m'dziko, chifukwa ndi mmene zilili. Koma mtengo wanga unkaonetsa poyera kuti iwo ndi amayi ondibereka anabadwa kwa amayi osiyana. Kwa azungu ubale umenewo ndi wakutali. Amayi ankaoneka ngati anama kuti alowetse mwana wa eni m'dziko muno adzawagwirire ntchito zapakhomo.

Mayi wa kukhansoloyo anabwera, wachitsikana, chitupa chake chili m'khosi. Sanali munthu woipa. Koma tsiku limenelo zonse tinkachita mwaulemu zinatitembenukira. Amayi anakhala kunsonga kwa mpando, maso pansi, akuvomera chilichonse. Ine pobweretsa tiyi ndinagwada, monga ndichitira kwa mlendo aliyense wamkulu. Mayiyo anasiya kuyankhula n'kundiyang'ana mpaka ndinadzuka, kenako analemba kanthu. Yankho ndi Mphatso anali chigonere pakapeti akuonera TV, ndipo ndinazindikira mochedwa mmene zinkaonekera: ana a m'nyumba akusewera, wina akugwada. Pochoka anati abweranso, ndipo anatchula kuti nthawi zina mwana amakakhala kaye kwa anthu ena pamene nkhani ikufufuzidwa.

Kuyambira pamenepo mantha anakhala nane ngati chimfine chosatha. Galimoto ikaima mumsewu mwathu ndinkasuzumira pakatani. M'basi ndinkayang'ana nyumba za anthu n'kumadzifunsa kuti adzandiika mu iti, ndipo ngati kumeneko adzandilola kupemphera m'Chichewa. Ndinkaopanso kuti amayi awachotsa ntchito, kapena atibweza tonse, ndipo zonse chifukwa cha mapensulo anga a mitundu. Ndinasiya kuthandiza pakhomo poopa kuti wina andiona pawindo, ndipo amayi ankafika otopa n'kuyamba kuchapa okha. Ndinalongedza kachikwama n'kukabisa kunsi kwa bedi, muli zovala zochepa, Baibulo, ndi chitenje chimodzi cha amayi ondibereka. Yankho atakapeza anandifunsa m'Chizungu chake ngati ndikupita ku holide, ndiponso chifukwa chake iye sakupita nawo.

Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera nafe, ndipo ndikuwathokoza. Koma panali ena amene potonthoza ankafotokoza za ana a uje amene anatengedwa osabwereranso. Ine kupemphera kwautali kunandikanika. M'dayale ya masiku amenewo muli pemphero limodzi lokha, lobwerezedwa tsamba ndi tsamba: Ambuye, amayi oyamba munawatenga ndinu ndipo sindinakufunseni chifukwa, awa ndisiyireni.

Nthawi ya chakudya cha masana ndinkabisala m'laibulale ya pasukulu. Tsiku lina ndili kumeneko ndinamva ndodo yachitsulo ikugogoda pansi, ikubwera kumene ndinali. Aphunzitsi anali atawapatsa a Marita ntchito zathu kuti aone mmene tinakoperera mtengo wawo. Anaima patsogolo panga, anaika pepala langa patebulo, n'kuloza kabokosi kopanda dzina kaja. Anandifunsa m'Chizungu kuti ndani anandiuza kuwonjezera zinthu pamtundu wawo. Ndinaganiza kuti mlandu wachiwiri wandipeza. Ndinayankha motsitsa kuti ndimafuna kudziwa amene analera khandalo.

A Marita anatembenuza pepalalo, anayang'ana mtengo wathu nthawi yaitali, n'kukoka mpando.

"Mtsikana iwe," anatero, "tsinde la mbumba imeneyi ndani?"

Anayankhula m'Chichewa. Osati cha m'buku, koma chakumudzi chenicheni, cha agogo. Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali wina amene wayankhula.

"Ndikufunsa iwe. Wameza lilime?"

Ndinawauza dzina la agogo a amayi. Anayendetsa chala pamizere yanga. "Tsono iwe ndiwe wa bele lalikulu, ukuleredwa ku bele laling'ono. Wajambula bwino. Nanga nkhope yakoyi yaipa ndi chiyani?"

Pamenepo ndinalira mmene sindinalirirepo pasukulu, ndipo ndinawauza zonse. Iwo sanandisisite. Anangodikira, manja ali pandodo. Nditatha anandifotokozera kuti makolo awo anali amishoni kumapiri a kwathu komweko, ndipo iwo anabadwira kumeneko. Amayi awo ankadwaladwala, choncho anakulira kumsana kwa mayi wina, aNachisale, ndipo Chichewa anachidziwa asanadziwe chiyankhulo cha makolo awo. "Pamtengo wanga aNachisale palibepo," anatero. Za khanda la Hendiriki anati m'banja mwawo amanena kuti linayamwa kwa mayi wina kapolo. "Ng'ombe zake Hendiriki anazilemba zonse. Mayiyo ayi. Ndauonetsa mtengo uwu kwa anthu ambiri, ndipo amafunsa za minda. Ukawauze amako kuti ndikubwera."

Amayi anakana. Anati nkhani yafika kale poipa, sitingaonjezeremo mzungu wa ku Joni. Koma Loweruka masana, amayi akusita yunifomu, tinamva mawu kunja. Pakhomo pathu pali belu, koma munthuyo sanalikhudze. Ankangoti, "Odi kuno. Odi a pakhomo." Amayi anaima simbi ili m'manja mpaka nsalu inayamba kununkha.

Anawalowetsa, chifukwa munthu wonena odi sabwezedwa pakhomo. Analonjerana mwadongosolo lonse, a Marita akufunsa za kumudzi, za mvula, za mfunda wa amayi. Pakati pa nkhani amayi anati, "Bambo anga anavutika m'manja mwa anthu a kwanu." A Marita anati, "Ndikudziwa, mayi. Sindinabwere kudzakana zimenezo. Ndabwerera mwanayu." Pamenepo amayi anandituma kukaika ketulo pamoto.

Mayi wa kukhansolo anavomera kuti a Marita adzakhalepo pa ulendo wake wachiwiri. M'mawa wa tsikulo ndinatsitsa kachikwama kaja n'kukabisa kuseri kwa majekete pafupi ndi chitseko, kuti akamanditenga ndisakwerenso masitepe azing'ono anga akuona.

A Marita anayala pepala langa patebulo. Anaonetsa mbali ya Hendiriki, mmene mizere imatsatira bambo, ndi mbali yathu, mmene imatsatira mayi. Anafotokoza za mabele awiri, za tsiku lometa, za kugwada, ndi kuti mwana woyang'ana wamkulu m'maso kwathu amatchedwa wamwano. Mayi wa kukhansolo anamvetsera, koma anati iye wakumanapo ndi ana amene anabweretsedwa kudzagwira ntchito, ndipo nawonso ankatchula owazunza kuti amayi. Anati mwambo waumva, koma za nyumba ino sanamve kanthu, chifukwa eni ake sakuyankhula. Mtima wanga unagwa, poti ankanena zoona.

A Marita anatembenukira kwa amayi n'kunena m'Chichewa, "Mayi, dzutsani mutu. Kuno woyang'ana pansi amamuyesa wobisa kanthu. Za mwambo ndanena ine, za mwana nenani ndinu."

Amayi anadzutsa mutu. Poyamba mawu ankatuluka movutikira, kenako anamasuka. Anafotokoza kuti iwo ndi amayi ondibereka anakulira nyumba imodzi, mphasa imodzi, ndipo popita kusukulu ankabwerekana juzi imodzi. Anati ndiwo anawasambitsa m'matenda awo omaliza, ndipo wodwalayo anawagwira dzanja n'kuwauza kuti Takondwa amaopa mdima ndi agalu, asadzamusiye kwa anthu. Anati atabwera kuno koyamba n'kundisiya kumudzi ankalephera kudya. Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Pomaliza anati, "Ngati ntchito ndamuchulukitsira, ndalakwa, ndionetseni kopeza thandizo. Koma mwanayu musanditengere. Ndikamuuza chiyani mkulu wanga?"

Mayi wa kukhansolo uja anasiya kulemba. Ananditembenukira n'kundifunsa kumene ndikufuna kukhala. Ndinamuyang'ana m'maso, ngakhale ndinkamva ngati ndikumutukwana, ndipo ndinati ndikufuna kukhala ndi amayi anga. Anafunsa kuti ati mwa atatuwo. Ndinagwira mkono wa amene anali pafupi nane.

Tsiku limenelo sananditenge, koma nkhani sinathere pomwepo. Panapita masabata akufufuza mapepala, akuimbira atsibweni kumudzi, akufunsa kusukulu ya azing'ono anga. Kachikwama kanakhalabe kuseri kwa majekete. Kenako masana ena foni inalira amayi atangofika kuchokera kuntchito. Anamvetsera, anakhala pamasitepe nsapato zili kuphazi, n'kuyamba kuimba pansipansi nyimbo ya m'buku. Nkhani inali itatsekedwa. A khansolo anangotipezera malo kumene Mphatso ndi Yankho amatsalira akaweruka, kuti ine ndizipeza nthawi yowerenga.

Ndikumasula kachikwama kaja amayi anaona chitenje. Anachinunkhiza, anati anakachigula limodzi ndi amayi ondibereka pamsika wa ku Dedza ndipo anakangana chifukwa onse ankachifuna. Pepala langa, limene ndinkafuna kuling'amba, analimata pa furiji. Analiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Koma walakwitsa pamodzi. Amako a ku Mchinji wawaiwala." Ndinati ndiwawonjezera. Anati, "Jambula ndi pensulo. Atatu okha atibweretsera khansolo, anayi abwera ndi apolisi." Aka kanali koyamba kuseka m'nyumba mwathu chiyambire nyengo yozizira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mzere umodzi. Ndikuthokoza amayi a mpingo, aphunzitsi anga, ngakhalenso mayi wa kukhansolo, chifukwa alipo ana amene akuzunzikadi ndipo amafunika wina wowafunsa. A Marita amabwera kwathu masiku ena a Loweruka, amakalipira Mphatso ndi Yankho kuti Chichewa chawo n'cha mzungu, ndipo amayi amawasungira chigumu. Kwa makolo amene mukulera ana a abale anu kuno, kafotokozeni kusukulu zinthu zisanavute, ndipo pofotokoza mudzutse mutu. Kwa anzanga amene muli ndi kachikwama kanu kunsi kwa bedi, kaya n'chifukwa cha mapepala kaya china, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakhala ochepa. Ine thandizo linandidzera kuchokera ku mtundu umene ndinauzidwa kuupatsa moni n'kudutsa.

Mbali ya pepala yoyang'ana ku furiji ndi ya Hendiriki, ndipo kabokosi kaja kakadali kopanda dzina. Nthawi zina ndimatukula pepalalo n'kukayang'ana. Mayi ameneyo anayamwitsa mwana wa munthu amene anamugula, ndipo mwa mwanayo munadzachokera munthu amene anaima pakhomo pathu n'kunena odi. Ife dzina lake sitidzalidziwa. Koma alipo amene amalidziwa, ndipo ndi yemweyo amene anadziwa khomo lathu pakati pa makomo onse ofanana a mumsewu uno. Ambuye akusungeni nonse.